Kandimverere Anakanena za M'maluwa

Makolo athu ankadziwa kuti mawu amasintha panjira. Ukatuma munthu kubwalo kuti akakumverere mlandu, amabwerako ndi zimene makutu ake atola, n'kuthirapo zimene mtima wake wakonda, pamene mfundo yeniyeni yatsala komweko patsinde pa mtengo. N'chifukwa chake anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Langizo la mwambiwu silikuluwika ayi: nkhani ikakhala yako, dzuka upite wekha, ukamve ndi makutu ako.

Koma dziko la lero silitilola kupita tokha kulikonse. Mkulu wa ku Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill sangafike mwezi ndi mwezi ku Matawale, ku Domasi, ku Thondwe, ku Mayaka, n'kuwolokanso nyanja ya Chilwa kupita ku chilumba cha Chisi kuti akawerenge yekha ana amene abayidwa katemera. Banki singayende wapansi kupita ku kampani ya mafoni kukafunsa ngati ndalama za fizi zimene mayi watumizira mwana wake zalowadi. Timatuma basi. Ndipo amithenga a masiku ano ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amalankhulana okhaokha pa intaneti, usana ndi usiku, popanda munthu woima pakati. Akatswiri amawatcha ma web service. Popeza kupita tokha kwakanika, chatitsalira n'kuonetsetsa kuti kandimverere wathuyu akukanena zokhazo zimene tamutuma, ndipo akubwera ndi zokhazo zimene tamuuza kuti akamve.

Nkhani imeneyi si yachilendo ku Chirunga. Chancellor College inasamuka ku Chichiri ku Blantyre mu 1973 n'kudzakhazikika ku Chirunga, m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndipo lero malowa ndiwo University of Malawi. Aphunzitsi ndi ophunzira a zamakompyuta pasukuluyi akhala akugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo pa DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsa ziwerengero za zaumoyo imene imatsogoleredwa ndi University of Oslo ku Norway, komanso pa iCHIS, imene alangizi a zaumoyo akumudzi amalembamo pa tabuleti m'malo mwa mabuku akuluakulu a rejisitala. M'tauni yomweyi muli likulu la National Statistical Office, imene mu 2018 inachita kalembera pogwiritsa ntchito matabuleti n'kupeza kuti m'dziko muno munali anthu 17,563,749. Mayankho onsewo anachoka pakhomo pa munthu n'kuyenda pa netiweki mpaka pa seva. Zomba inasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, koma mbiri za Amalawi zikudutsabe muno, ndipo ambiri mwa amene adzamange njira zodutsamo mbirizo mawa, lero ali m'makalasi a ku Chanco.

Tiyeni tiisendere pafupi ntchitoyi. Wophunzira wa chaka chachitatu wakhala pa laputopu m'kachipinda kake ku Chikanda, magetsi azima, akuthamangitsana ndi batire. Walemba class, ndiko kuti ndondomeko ya zimene pulogalamu idzasunge zokhudza munthu mmodzi, n'kuitcha Wodwala. Muli dzina, mudzi, mfumu yaikulu, tsiku lobadwa, nambala ya foni, ndi zotsatira za magazi. Zinthuzi zikakhala mkati mwa pulogalamu yake, zili m'maonekedwe amene pulogalamu ina singamve. Kuti zituluke ziyenera kusandutsidwa malemba a XML kapena JSON, ziyende pa netiweki, zikafika uko zisandutsidwenso kuti zilowe mu class ya wolandirayo. Kusandutsa kumeneku, popita ndi pobwera, ndiko amati data binding. Wolemba pulogalamu sachita yekha ntchitoyi, amaisiyira framework. Ku Java kuli Apache CXF, imene imagwiritsa ntchito JAXB kapena Aegis, ndipo kuli Jackson imene ambiri amakumana nayo mu Spring. Microsoft nayo inatulutsa WCF mu 2006. Mayina ndi ambiri koma udindo wake ndi umodzi: kukhala pakamwa ndi makutu a pulogalamu.

Msampha uli pomwepa. Ma framework ambiri anapangidwa kuti asamuvutitse munthu. Ukalemba mizere iwiri itatu, iwo amatenga class yonse mmene ilili n'kuitulutsa kunja, osasiya kachigawo n'kamodzi komwe. Wophunzira uja ayesa, pempho lapita, yankho labwera, nambala 200 yosonyeza kuti zonse zayenda bwino yaoneka, iye atseka laputopu n'kupita pachiwaya mtima uli mbee. Pa foni ya wolandira pakuoneka dzina ndi mudzi basi, chifukwa ndi zokhazo zimene inakonzedwa kuti izionetsa. Koma mu uthenga umene wayenda muja muli zonse, ndi zotsatira za magazi zomwe. Aliyense wotsegula uthengawo aziwerenga, ndipo kutsegula kwake sikulira ukatswiri wozama. Bungwe la OWASP, limene limalondoloza za chitetezo cha mapulogalamu padziko lonse, litatulutsa mndandanda wa zoopsa khumi zikuluzikulu za ma API, ndiwo makomo olankhuliranapo mapulogalamu, mu 2019, linaika kutulutsa zinthu mopyola zofunikira pa nambala 3. Palibe wakuba amene wathyola chitseko apa. Mthenga ndiye walongolola.

Kumudzi nzeru ya kutuma sinayambe dzulo, ndipo imaoneka bwino kukagwa zovuta. Munthu akatisiya, akuluakulu sangotola mnyamata aliyense n'kumuuza kuti thamanga ukanene. Amayamba amukhazika pansi. Amamuuza kuti ayambire kwa amfumu, kenako kwa amalume a malemu, kenako kuchimuna. Amamupatsa mawu oti akanene: dzina la amene watisiya, kumene thupi lili, tsiku loika m'manda. Mnyamatayo mwina akudziwa zambiri. Anaona mmene matenda anayendera, anamva za mkangano wa munda, akudziwa za ngongole imene yatsala. Koma zimenezo sanatumidwe. Akamufunsa kuti, "Nanga chatenga munthu n'chiyani?" amagwada n'kuyankha kuti, "Pepani, zimenezo akakufotokozerani akuluakulu mukafika." Ndipo zimene anena kwa amfumu sizifanana ndendende ndi zimene anena kwa anansi a kutsidya. Aliyense amalandira gawo lomuyenera. Mthenga wabwino amadziwa malire a uthenga wake, ndipo malirewo anamuikira omutuma iye asananyamuke.

Kusankha mitundu ya zinthu imene pulogalamu idzaonetse kunja ndiko kumukhazika pansi mnyamata ameneyu. Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba imati zonse zituluke kupatula zimene waletsa. Mu Jackson umaika chizindikiro cha JsonIgnore pa kachigawo kamene sukufuna kuti katuluke. Yachiwiri imati pasatuluke kanthu kupatula chimene walola. Mu WCF, class ukaipatsa chizindikiro cha DataContract, kachigawo kalikonse kamene sunakalembe kuti DataMember kamatsala m'nyumba. Tsiku loyamba njira ziwirizi zimaoneka zofanana. Kusiyana kumadzaoneka patapita miyezi, pamene mnzako wina abwera kudzawonjezera kachigawo katsopano, tinene nambala ya chiphaso cha unzika kapena mankhwala amene munthu akumwa. M'njira yoyamba, akaiwala kuletsa, chinsinsi chatuluka mwakachetechete, palibe wodziwa. M'njira yachiwiri, akaiwala kulola, wolandira aimba foni kudandaula kuti chinthu china chikusowa, ndipo akonza tsiku lomwelo. Kuiwala sikudzatha, pakuti tonse ndife anthu. Nzeru yagona pomanga zinthu mwakuti kuiwala kwathu kubale dandaulo, osati manyazi kwa munthu wosalakwa.

N'chifukwa chake odziwa ntchito amalemba class yapadera yotumiza kunja, yaing'ono, yokhala ndi zokhazo zimene wofunsayo akuyenera kulandira, ndipo class yam'kati, imene imalankhula ndi database, saifikitsa pakhomo n'komwe. Ndi ntchito yowonjezera, yotopetsa, ndipo sioneka tsiku loonetsa pulojekiti kwa aphunzitsi kapena kwa opereka thandizo. Koma ndi imene imasunga ulemu wa mayi wa ku Chinamwali amene sadzaiona code imeneyo moyo wake wonse.

DHIS2 ikutionetsa mmene uthenga wopimidwa bwino umakhalira. Lipoti la pamwezi likamapita ku seva ya Unduna, chiwerengero chilichonse chimanyamula zinthu zochepa kwambiri: chimene chawerengedwa, nyengo yake, chipatala chake, ndi kuchuluka kwake. Tinene ana opezeka ndi malungo, mwezi wolembedwa kuti 202403, chipatala cha Matawale, kenako nambala. Dzina la mwana mulibe, mudzi wa mayi ake mulibe, chifukwa wokonza za mankhwala ku Lilongwe safuna dzina kuti adziwe kuchuluka kwa LA woti atumize. Koma iCHIS ndi mapulogalamu a m'zipatala amasunga munthu payekhapayekha, ndi dzina lake ndi banja lake. Pamene mapulogalamu a mitundu iwiriyi akumana, payenera kukhala munthu amene wakhala pansi n'kugamula kuti ichi chiwoloke, ichi chitsale. Munthuyo akasowa, framework igamula yokha, ndipo framework sidziwa manyazi.

Mthenga ali ndi makutunso, ndipo makutu osasankha amaononga mofanana ndi pakamwa posatseka. Data binding imagwiranso ntchito pobwera: uthenga ukafika, framework imatenga zimene zili mmenemo n'kuzilowetsa mu class. Ngati class ya wogwiritsa ntchito ili ndi kachigawo konena kuti uyu ndi woyang'anira kapena ayi, munthu wochenjera akhoza kudziwonjezera yekha mu uthenga wake kuti ine ndine woyang'anira, framework n'kuvomera osafunsa. Izi zinachitikadi. Mu Marichi 2012, Egor Homakov, wolemba mapulogalamu wa ku Russia, anachenjeza anthu oyendetsa framework ya Ruby on Rails za vuto limeneli, koma iwo anaona kuti kudziteteza ndi udindo wa aliyense wogwiritsa ntchito framework. Iye anapita pa GitHub, webusayiti yosungirapo code imene inamangidwa ndi Rails yomweyo, n'kulowetsa kiyi wake kudzera pa fomu wamba, mpaka anatha kulemba mu code ya Rails yeniyeniyo ngati mmodzi wa eni ake. Rails 4 itatuluka mu 2013 inabwera ndi lamulo loti wolemba pulogalamu azitchula mayina a zigawo zimene walola kulandira. Mu 2017 kunadziwikanso kuti Jackson, ikaloledwa kuti uthenga uzidzinenera wokha mtundu wa class yoti ipangidwe, mdani akhoza kutchula class yoopsa n'kulamulira seva. Mankhwala ake ndi omwewo: lemba mndandanda wa mitundu yodziwika, monga mmene KnownType imachitira mu WCF ndi XmlSeeAlso mu JAXB, ndipo chimene sichili pa mndandanda chibwezedwe pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati zinagwera GitHub ndi akatswiri ake onse, zingalephere bwanji kugwera pulojekiti yomangidwa mothamanga mayeso atayandikira?

Komatu za m'maluwa sizibwera ndi kulongolola kokha. Nthawi zina mthenga amanena mawu enieni amene anapatsidwa, koma wotuma ndi wolandira sanagwirizane tanthauzo lake. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo mapulogalamu nawo amafunika pangano lolembedwa moto usanafike. M'masiku a SOAP, njira yakale yolankhulirana ma web service, panganoli linkalembedwa mu WSDL ndi XML Schema. Lero ambiri amalemba mu OpenAPI, ndipo a zaumoyo ali ndi HL7 FHIR, imene imalongosola mmene wodwala, zotsatira za kuyezetsa, ndi mankhwala ziyenera kulembedwera kuti pulogalamu ya kulikonse izimve. Pangano lotere limanena dzina la kachigawo kalikonse, mtundu wake, ngati n'kokakamiza kapena ayi, ndi muyezo wake.

Zimene zimachitika pangano likasowa timaziona ndi maso. Nambala ya TNM imayamba ndi 088, ya Airtel ndi 099. Wina akaisunga ngati nambala yowerengera osati malemba, ziro woyambayo amagwa panjira, ndipo uthenga wokumbutsa mayi woyembekezera tsiku la sikelo sufika. Tsiku lolembedwa kuti 03/04/2024 kwa ife ndi 3 Epulo, koma pulogalamu yotsatira kalembedwe ka ku America iwerenga kuti 4 Marichi, ndipo mwana akalembedwa kuti analandira katemera mwezi umene sanalandire. N'chifukwa chake pali muyezo wa ISO 8601 woyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Mayina athu ngati Ng'oma ndi M'bwana ali ndi kachizindikiro kam'mwamba kamene pulogalamu yosaganiziridwa bwino imakakana kapena kukadula, mwini dzina n'kupezeka kuti ali ndi mayina awiri m'mabuku a boma limodzi.

Ganiziraninso za agogo a ku Jali amene amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949. Class ikaumirira tsiku lathunthu, kalaliki alemba 1 Januwale kuti fomu idutse, mzere wa odwala usaime. Bodza laling'onolo liyenda kuchoka pa seva ina kupita pa ina litavala ngati choonadi, ndipo palibe adzadziwe kuti tsikulo linali longopeka. Amene anamanga OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri za odwala, anaikamo kachigawo konena kuti tsiku lobadwali ndi longoyerekeza, ndipo FHIR imalola kulemba chaka chokha popanda mwezi kapena tsiku. Pangano labwino limapereka malo oti munthu anene zimene akudziwa n'kulekera pomwepo. Ngakhale akuluakulu a sayansi anagwapo m'mbuna imeneyi. Mu Seputembala 1999, chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chikufika ku Mars chifukwa pulogalamu ina inkatumiza manambala m'muyezo wa mapaundi pamene yolandira inkayembekezera muyezo wa newton. Manambala onse anafika, chimene chinatsala panjira ndi tanthauzo. Kwa ife kulakwitsa kofananako n'kusokoneza magalamu ndi makilogalamu pa kulemera kwa khanda, pamene mlingo wa mankhwala ukuwerengedwa kuchokera pa kulemera komweko.

Pali chifukwa chinanso chosamalira zimene tikuonetsa kunja. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Chilichonse chimene pulogalamu yatulutsa kamodzi chimasanduka lonjezo, chifukwa wina kwinakwake amanga ntchito yake modalira chimenecho. Alangizi a zaumoyo ali ndi matabuleti m'midzi ina kumene netiweki imagwira ukakwera pachulu. Sangalandire onse pulogalamu yatsopano tsiku limodzi. Wina ku ofesi akasintha dzina la kachigawo kamodzi pa seva, malipoti a amene akadali ndi pulogalamu yakale akanidwa, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu yoyenda panjinga khomo ndi khomo ikhala ngati sinachitike. Amene anaonetsa zochepa ali ndi ufulu wosintha zam'kati mmene angafunire. Amene anaonetsa class zake zonse wadzimanga yekha manja, pakuti sangakonze nyumba yake popanda kugwetsa ya mnzake.

Ena anganene kuti kusamala kotereku kumachedwetsa ntchito, komanso kuti kubisa kukanyanya kumapha. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo tisaithawe. Wodwala amene watumizidwa kuchoka ku Zomba Central Hospital kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre akufunika kuti mbiri yake ifike naye limodzi: mankhwala amene akumwa, amene thupi lake limadana nawo, zimene zayezedwa kale. Mthenga amene wabisa tsiku loika m'manda walakwa mofanana ndi amene waulula za ngongole. Chofunika n'kudziwa amene akufunsa ndi chifukwa chimene akufunsira. Dokotala amene akuchiza munthuyo akhale ndi uthenga wake wathunthu. Wa ziwerengero akhale ndi wake wopanda mayina. Wofufuza wa ku yunivesite akhale ndi wake, utachotsedwa chilichonse chimene chingaloze khomo la munthu. Mauthenga atatu, ma class atatu, ngakhale gwero lake lili limodzi. Kutuma mthenga mmodzi ndi mawu amodzimodzi kwa onse atatu ndi ulesi, ndipo wolipira ulesiwo ndi wodwala.

Madzi akatayika saoleka. Pasiwedi ikabedwa umasintha, khadi la kubanki likatayika umatseketsa n'kutenga lina. Koma mudzi ukadziwa zotsatira za magazi a munthu, palibe batani lofufutira zimene anthu amva. Banja litha kugwedezeka, bizinesi ya mandasi itha kusowa ogula, mtsikana atha kusiya sukulu. Malamulo athu azindikira zimenezi. Lamulo la 2018 loona za HIV ndi Edzi limateteza chinsinsi cha zotsatira za munthu, ndipo Data Protection Act ya 2024 inapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mbiri za anthu zikusonkhanitsidwira ndi kugwiritsidwira ntchito. Kuyambira 2017, pamene National Registration Bureau inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, nambala imodzi ya pachiphaso ikulumikiza simukhadi, akaunti ya kubanki, kaundula wa mavoti ndi feteleza wotsika mtengo. Kachigawo kamodzi kameneko kakatuluka pamalo osayenera, kamatsegula zitseko zina zambiri. Koma lamulo limafika madzi atatayika kale, kudzafunsa amene wawataya. Amene angawagwire asanatayike ndi uja wakhala pa laputopu, pa mzere umene akusankha chimene chituluke.

Choncho inu achinyamata a ku Chirunga, ndi anzanu a ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni, musanapereke pulogalamu kuti yatha, tsegulani uthenga weniweni umene ikutumiza ndipo muuwerenge mzere ndi mzere. Pa kachigawo kalikonse dzifunseni kuti wapempha ichi ndani, ndipo mwini wake akanakhala pambali panu akanavomera kodi. Chimene mulibe yankho lake, chichotseni. Inu aphunzitsi, perekani malikisi pa pangano lolembedwa bwino ndi pa zimene wophunzira wakana kutulutsa, osati pa kukongola kwa zooneka pa sikirini pokha. Ndipo inu akuluakulu a m'maunduna, m'mabanki ndi m'mabungwe amene mumagula mapulogalamu, ngakhale simudziwa kuwerenga code, muli ndi ufulu wopempha pepala limodzi lolemba zonse zimene pulogalamuyo imatulutsa, zonse zimene imalandira, ndi amene amazilandira. Wokugulitsani akalephera kukupatsani pepala limenelo, musasaine.